Musanatsegule sutikesi, tsegulani pasipoti

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa ku Turffontein, kuno ku Johannesburg:

"Gulu lathu la chipereganyu, amayi 8, takhala tikusonkha kwa chaka ndi theka, ndipo tsopano talipira ulendo wa mausiku 4 pa sitima yapanyanja ya MSC. Tidzanyamukira ku Durban sabata yachitatu ya Januwale kupita ku Portuguese Island, ku Mozambique. Ine ndikutenga mwana wanga wamkazi wa zaka 9, komanso mayi anga amene akubwera kuchokera ku Zomba pakati pa Disembala kudzadya nafe Khirisimasi. Mayiwo amamwa mankhwala a BP. Palibe mwa ife amene anakwerapo sitima yotere. Anzanga ena akuti tigule masutikesi akuluakulu ndi zovala zatsopano, ena akuti tinyamuleko ndi ufa womwe. Ndilongedze chiyani, ndipo tikonzekere bwanji kuti tisakachite manyazi?"

Zikomo mayi, mwachita bwino kufunsa kudakali nthawi. Ndakhala zaka zambiri ndikukonzera anthu maulendo kuno ku Joni, ndipo magulu ngati lanuli ndawaperekezapo kangapo mpaka pa doko la Durban. Za zovala tifikako, musade nkhawa. Koma m'kalata yanu muli mawu amene andidumphitsa mtima, ndipo ndiyambira pomwepo: mayi anu akufika pakati pa Disembala, pomwe sitima ikunyamuka sabata yachitatu ya Januwale.

Tawerengani masikuwo. Munthu wa pasipoti ya Malawi akamalowa mu South Africa ngati mlendo amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo nthawi zina wodinda pa Beitbridge amalemba ochepera apo. Agogo akalowa pa 15 Disembala, masiku awo athera cha pa 14 Januwale, sitima isananyamuke. Anthu ambiri amaiwala kuti ulendo uwu ndi wotuluka m'dziko. Poti amakwerera ku Durban n'kudzatsikiranso ku Durban komweko, amaona ngati n'kungopita kokawongola miyendo. Si choncho. Mu Nelson Mandela Cruise Terminal muja mumakhala maofesala a Home Affairs, omwe aja mumakumana nawo pa OR Tambo kapena pa Beitbridge, ndipo pasipoti iliyonse imadutsa pa kompyuta yawo. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati munthu amene wapyoza masiku ake akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko muno: chaka chimodzi ngati wapyoza ndi masiku osapitirira 30, zaka 5 ngati wapitirira pamenepo. Ndiye munthu woti waletsedwa kulowanso, sitima ikabwerera adzatsikira kuti? Ulendo wake umathera pa doko pomwepo, ndalama zitapita kale.

Ndinazionapo ndi maso anga. Bambo wina wa kwathu, malaya oyera ositidwa bwino, chipewa chatsopano chidakali ndi kapepala ka mtengo, anafika pamzere ndi mkazi wake ndi ana awiri. Pemiti yake yogwirira ntchito inali itatha miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo m'manja anali ndi lisiti lokha losonyeza kuti anapempha ina. Katundu wawo anali atalowa kale mkati. Anakhala maola awiri pa benchi kudikira kuti masutikesi atulutsidwe, iye ndi mkazi wake akunong'onezana ngati mayi ndi ana akwere okha kapena abwerere onse. Kamwana kakang'ono kanali katagwira mwendo wa bambo ake, maso ali pa sitima imene inkaoneka pawindo. Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa, chifukwa zonsezo zikanapeweka ndi kukambirana kwa mphindi zochepa miyezi iwiri m'mbuyo.

Kwa agogo, njira yophweka ndi kusintha tsiku lobwera. Ngati Khirisimasi ndi yosasinthika, afike masiku ochepa chabe isanakwane, ndipo muwerenge bwino kuti masiku awo akufika kupitirira tsiku limene sitima idzabwerere ku Durban. Akangofika, tsegulani pasipoti muone tsiku limene lalembedwa pa chidindo ndi cholembera, osangokhulupirira kuti ndi 30. Musadalirenso kuti pobwerera kuchokera ku Mozambique adzawapatsa masiku ena atsopano. Kupempha kuwonjezera masiku kudzera ku VFS, kampani imene imalandira mapempho a viza m'malo mwa Home Affairs, n'kotheka, koma yankho limachedwa, ndipo Disembala ndi mwezi umene maofesi amayenda pang'onopang'ono.

Lamulungu likubwerali, mukakumana pa chipereganyu, aliyense abwere ndi pasipoti yake muziike patebulo. Manyazi apa asakhalepo, safunsa anadya phula. Pasipoti ikhale yoti idzakhalabe yamoyo miyezi 6 kuchokera tsiku lobwerera, ndipo ikhale ndi masamba osadindidwa awiri kapena kuposa. Amene yake yatsala pang'ono kutha athamangire ku ofesi ya kazembe wathu, kaya kuno ku Johannesburg kapena ku Pretoria, sabata ino yomwe. Pemiti ikhale yamoyo mpaka mutabwerera. Ngati pemiti inamatidwa m'pasipoti yakale, zonse ziwiri ziyende limodzi. Amene ali ndi lisiti lokha lodikirira yankho asadzinamize kuti lisiti ndi pemiti: Home Affairs nthawi zina imatulutsa chilolezo chapadera kwa anthu odikira, koma chimakhala ndi malire a masiku ndi mitundu ya anthu amene chikuwakhudza, ndiye afunse munthu wodziwa malamulo olowa ndi kutuluka asanapite ku Durban. Ndipo ngati pagulupo pali wina amene amakhala ndi pepala la asylum, ndinene mosabisa: ulendo uwu si wake. Pepala limenelo limafa munthu akatuluka m'dziko popanda chilolezo. Ndi bwino alankhule ndi kampani panopa za kusintha dzina pa tikiti kusiyana n'kutaya zonse. Onaninso kuti dzina la pa tikiti likufanana chilembo ndi chilembo ndi la m'pasipoti, makamaka amayi amene pena mumalemba dzina la kwanu pena la amuna anu.

Mwana wanu akufunika pasipoti yakeyake, ndi pemiti yakeyake ngati pasipotiyo ndi ya Malawi. Kubadwira ku chipatala cha kuno sikupangitsa mwana wa makolo obwera kukhala nzika ya South Africa, ndipo makolo ambiri amadzazindikira zimenezi ali kale pamzere. Nyamulani chikalata chake chakubadwa chosonyeza mayina a makolo onse awiri. Poti bambo ake sakupita nawo, alembe kalata yolola kuti mwana atuluke nanu, akailumbirire ku polisi, ndipo muphatikizepo kope yodindidwa ya pasipoti kapena chitupa chawo. Mwina sakakufunsani, koma tsiku limene angakufunseni mulibe, mwana sakwera.

Ku Mozambique ife a Malawi sitifuna viza, ndiye apo palibe vuto. Ndingokuchenjezeranitu za m'tsogolo, poti ndikudziwa kuti mukabwerako mudzayamba kusirira maulendo aatali aja opita ku Mauritius ndi Réunion. Réunion ndi gawo la dziko la France. Anzathu a pasipoti ya South Africa amalowako popanda viza, ife ayi. Mnzanu wa kuntchito akadzakuuzani kuti "palibe chofunika, ine ndinangopita," mudzakumbukire kuti pasipoti yake si yanu.

Tsopano za ulendo wopita ku doko. Kuchoka kuno kufika ku Durban pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570, maola 6 pa galimoto ngati zonse zili bwino, ndipo basi yochokera pa Park Station imatenga nthawi yoposa apo. Mu Januwale zonse sizikhala bwino nthawi zonse. Pa Van Reenen pamagwa nkhungu ndi mvula, ndipo lole imodzi ikagwa msewu umatsekeka theka la tsiku. Sitima sidikira munthu. Pitani dzulo lake, mukagone ku Durban. Amayi 8 mukagawana mtengo wa zipinda ziwiri kapena zitatu sizikupwetekani. Ngati mwasankha ndege, ndi ola limodzi lokha, koma bwalo la King Shaka lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndipo matikiti otchipa ambiri salowetsamo mtengo wa sutikesi. Doko lenilenilo lili ku Point, pafupi ndi uShaka Marine World. Musananyamuke kuno malizani kulembetsa pa intaneti, musindikize matikiti ndi timapepala tomata pa katundu. Pemphaninso kampani kuti ilumikize matikiti a gulu lonse, kuti madzulo azikuikani pa tebulo limodzi ndi nthawi imodzi yodyera.

Mukafika pa doko, sutikesi yaikulu mumaisiya kwa onyamula katundu ndipo imadzakupezani pakhomo pa chipinda chanu patapita maola, nthawi zina dzuwa litalowa. Choncho chikwama chofunika kwambiri pa ulendo wonse ndi chaching'ono cha m'manja. Mmenemo mukhale mapasipoti, matikiti, makalata a mwana, ndalama, foni ndi tchaja, zosambira za mwana chifukwa akangoona dziwe losambiramo simumugwira, ndi mankhwala onse a agogo. Mankhwalawo akhale m'mapaketi ake enieni olembedwa dzina, osati okhuthulira m'kapepala, ndipo akhale okwanira masiku a ulendo kuphatikiza ena 4 kapena 5. Amene amamwa ma ARV, a shuga kapena a mphumu achitenso chimodzimodzi. Pa sitima pali dokotala, koma si wa boma: kumuona kokha mumalipira m'madola, ndipo medical aid yambiri ya kuno sigwira ntchito kunja kwa dziko. Werengani pepala la tikiti yanu muone ngati inshuwalansi ilimo, ndipo muone zimene imanena za munthu wa msinkhu wa agogo ndi matenda amene ali nawo kale. Ngati pagulupo pali woyembekezera, adziwe kuti makampani a sitima salola mayi amene pakati pake padzakhale patakwana masabata 24 ali paulendo.

Masutikesi akuluakulu musagule. Zipinda za m'sitima n'zazing'ono, ndipo inu mukhala atatu, bedi lachitatu likhala lotsitsa kukhoma kapena sofa. Sutikesi yapakatikati imene ingalowe pansi pa bedi ndi yokwanira munthu mmodzi, mwinanso inu ndi mwana. Kuno ku Joni tili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, mpweya wake ndi wouma ndipo usiku kumazizirira. Ku Durban ndi ku Mozambique mu Januwale n'kotentha kwa chinyezi, kwa thukuta losauma, ngati ku Nkhotakota kapena ku Mangochi mvula ikayamba. Tengani zovala zopepuka za thonje zosinthira masana, zosambira ziwiri kuti china chiziuma, ndi juzi imodzi yopyapyala chifukwa m'malo odyera amaziziritsa kwambiri ndipo pamwamba pa sitima usiku pamawomba mphepo. Jinzi imodzi yoyendera basi. Nsapato zitatu zakwana: zoyendera zosaterera, mapatapata, ndi imodzi yotchenera. Pamakhala usiku umodzi wotchena, ndipo apa ndikupemphani kuti musawononge ndalama ku Small Street kufuna diresi lonyezimira. Diresi lanu la chitenje losokedwa bwino, ndi duku lake, limaposa zonsezo. Ndinaonapo amayi a kwathu atasoketsa nsalu imodzi gulu lonse, akutsika masitepe a pakati pa sitima, anthu a mitundu ina n'kumawapempha kujambulitsa nawo. Kawirikawiri pamakhalanso usiku wovala zoyera, ndiye ikanimo chovala chimodzi choyera.

Zitenje wamba tengani ziwiri kapena zitatu aliyense. Chitenje ndi mphasa pa mchenga, ndi mthunzi, ndi chofunda pochoka kosambira, ndi chotchinga posintha zovala. Tsitsi lukani kudakali sabata imodzi kuti mutu udzakhale utasiya kuwawa. Mphepo ya panyanja siigwirizana ndi wigi, ndipo madzi amchere amaumitsa tsitsi ndi khungu, ndiye mafuta anu odzola musawaiwale.

Ufa usiyeni kunyumba. Palibe pophikira, ndipo katundu yense amadutsa pa makina ounika. Ketulo, simbi, kambaula kamagetsi, makandulo, mipeni ndi mowa amalanda pakhomo. Chimene oyendetsa sitima amaopa kuposa namondwe ndi moto, n'chifukwa chake chilichonse chotenthetsa sachilola. Zovala sitirani kuno, muzipinde mozikulunga. Chamba nachonso ayi: khoti lalikulu la kuno linalola mu 2018 kuti munthu wamkulu azisuta kwake mseri, koma chilolezo chimenecho sichikwera sitima ndipo sichiwoloka malire. Mankhwala achikuda a ufa osalembedwa kanthu akhoza kukuchedwetsani ndi mafunso. Za chakudya musade nkhawa. Mtengo wa tikiti umaphatikiza chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mpunga, nkhuku, nsomba, mbatata, masamba ndi zipatso sizisowa. Agogo ngati ndi aja amati tsiku lopanda nsima sanadye, muwadyetse nsima yokhuta usiku wa ku Durban, ndipo muwalonjeze ina pobwerera.

Kanthu kamodzi kamene pafupifupi aliyense amaiwala ndi pulagi. Mapulagi athu a kuno a mano atatu akuluakulu salowa m'zipinda za sitima. Mmenemo muli mabowo a mano awiri obulungira a ku Ulaya ndi a mano awiri aphanthiphanthi a ku America. Matchaja ambiri a foni a mano awiri amalowa bwinobwino, koma china chilichonse chikufuna adaputala, ndipo ndi yotchipa kuno kusiyana ndi m'sitolo ya m'sitima. Foni yokhayo, sitima ikangochoka pa doko iikeni pa airplane mode. Pakati pa nyanja imagwira netiweki ya setilaiti imene imadya mayunitsi ngati moto wolusa, ngakhale foniyo ili m'thumba. Wi-Fi ndi yogula. Uzani a kunyumba kuti masiku 4 amenewo muzisowa.

Ndalama za m'sitima ndi madola a ku America, ngakhale mwakwerera ku Durban. Simugwiritsa ntchito ndalama yogwirika. Aliyense amapatsidwa khadi limene ndi kiyi wa chipinda, chitupa chotulukira ndi kulowera, komanso chikwama. Khadilo mumalilumikiza ku khadi lanu la ku banki kapena mumasiya ndalama ku ofesi. Ngozi yake ili poti kugula sikuwawa: mwangopereka khadi, mwasaina, mwapita. Chakumwa cholembedwa 5 si R5. Madzi, tiyi ndi khofi za ku buffet n'zaulere, ndiye tengani botolo lothiramo madzi, koma zoziziritsa kukhosi, mowa, zithunzi zimene amakujambulani pakhomo, saluni ndi juga zonse n'zolipira. Funsani ngati ndalama yothokozera antchito inalowa kale pa tikiti kapena idzawonjezedwa usiku uliwonse. Khadi la mwana mukapemphe kuti alitseke kapena aliikire malire, chifukwa masewera a pa makina amameza madola mwakachetechete. Ndipo tsiku lililonse onani bilu yanu. Ine ndimalangiza magulu a chipereganyu kuti aliyense asiye ndalama yogwirika imene wakonzeka kuwononga, ikatha yatha, m'malo molumikiza khadi limene malipiro a Januwale alowamo, fizi ya ana ikudikira.

Sitima isananyamuke mudzaitanidwa ku phunziro la zoyenera kuchita pakagwa ngozi. Pa khadi lanu palembedwa malo anu osonkhanira. Lamulo loti phunziroli lizichitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka linakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya sitima ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, imene inapha anthu 32. Pitani nonse, ndipo mwana ndi agogo muwayendetse njira yochokera ku chipinda kufika pamalopo kawiri, mpaka aidziwe okha.

Amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera amadziwa kale zimene mafunde amachita ndi m'mimba. Sitima iyi ndi yaikulu kuposa Ilala kutalitali ndipo sigwedezeka chimodzimodzi, koma kunja kwa Durban kumadutsa mkokomo wamphamvu wa madzi wotchedwa Agulhas, ndipo usiku woyamba ambiri amamva chizungulire ndi nseru. Ngati mungathebe kusankha, chipinda cha pakati pa sitima ndiponso cham'munsi ndi chimene chimagwedezeka pang'ono. Mankhwala ngati Stugeron kapena Valoid amapezeka ku famase, ndipo amagwira bwino mukamwa sitima isananyamuke, osati mutayamba kale kusanza. Amagonetsa tulo, ndipo sayenderana ndi mowa. Kwa agogo ndi mwana, muuzeni wa ku famase msinkhu wawo ndi mankhwala amene akumwa kale asanakupatseni. Nseru ikayamba musadzitsekere m'chipinda. Tulukani panja, yang'anani kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, idyani kabisiketi kouma kapena tafunani jinja.

Tsiku la pachilumba ndi limene mwalipirira, ndiye ndikhalitsepo. Portuguese Island ndi kachilumba kamchenga kopanda midzi, pafupi ndi Inhaca, pakamwa pa Maputo Bay. Palibe doko. Sitima imaima patali ndipo anthu amapita kumtunda pa timaboti ta mphira, monga mmene Ilala imachitira m'malo opanda doko, pamene anthu amatsikira m'boti n'kukafika kumtunda madzi ali m'mawondo. Kumenekonso n'chimodzimodzi. Mumavala jekete yoyandamitsa, anyamata a sitima amakugwirani mkono potsika, boti limadumpha pa mafunde madzi akukuwazani, ndipo pofika mumaponda m'madzi. Choncho valani zoti zinyowe, nsapato zomanga kumapazi zosaopa madzi, ndipo foni ndi ndalama zikhale m'kathumba ka pulasitiki kotseka pakamwa. Manja onse awiri akhale opanda kanthu pokwera ndi potsika, ndiye chikwama chikhale chobereka kumsana. Agogo muwayang'ane mawondo ndi mtima wawo moona. Ngati akwanitsa, apite m'mawa mafunde asanakule, inu muli pambali pawo. Ngati akuopa, musawakakamize: tsiku limenelo sitima imakhala phee, chakudya chilipo, mipando ya pamthunzi ili mbwee.

Mchenga wa kumeneko masana umawotcha mapazi ngati phulusa la moto, ndipo mthunzi ndi wochepa. Bodza lija loti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa lisiyeni ku Turffontein. Ndaonapo amayi akusupuka mapewa ndi mphuno sabata yonse atabwerako. Gulani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, mudzole musanatsike ndipo mubwereze mukatuluka m'madzi, makamaka mwana. Chipewa chachikulu chokhala ndi chingwe, magalasi a dzuwa, ndi madzi akumwa ambiri. Agogo a BP asakhale padzuwa nthawi yaitali.

China chimene ife okulira ku nyanja ya Malawi sitichidziwa n'chakuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Pamene mwayala chitenje m'mawa pakhoza kukhala madzi masana, ndipo pamene mwana amaima madzi ali m'chiuno pakhoza kumumiza patapita ola. Madzi akamaphwa amakoka. Sambani pamalo pamene a sitima aika zizindikiro, ndipo mwana asachoke m'maso mwanu ngakhale amadziwa kusambira. Mukaona timatumba tabuluu toyandama kapena tili pa mchenga, musatigwire, timawotcha kuposa chitedze. Nyamulani ma rand ang'onoang'ono, a R20 ndi R50, chifukwa ogulitsa a ku Inhaca amabwera ndi zosema ndi nsalu zawo zimene amazitcha capulana, zitenje zomwe zathuzi, ndipo rand amalandira koma chenje chimavuta. Nthawi ya ku Mozambique ndi imodzimodzi ndi ya kuno ndi ya kumudzi, ndiye wotchi simusintha, koma mverani nthawi ya boti lomaliza.

Konzekeraninso mumtima kuti mwina simudzatsika n'komwe. Novembala mpaka Epulo, nyengo imene sitimazi zimayenda, ndi nyengonso ya anamondwe m'nyanja ya Indian Ocean. Ife sitifunika kuuzidwa za Idai wa mu 2019 kapena Freddy wa mu 2023, tinaika maliro. Sitima imaona namondwe akadali kutali ndipo imamuzemba, koma ngakhale mphepo wamba ikakula kaputeni amaletsa timaboti tija, kapena amasintha njira. Zikatero ndalama sabweza kawirikawiri, zinalembedwa m'mgwirizano wa tikiti. Uzanani zimenezi pagulu panopa, kuti amene anatsogolera ulendo asadzasanduke wolakwa pa chinthu cha mphepo.

Usiku womaliza mudzauzidwa kuika masutikesi panja pa chitseko musanagone, ndipo mudzawapeza pa doko m'mawa. Siyani zovala za mawa, nsapato, mankhwala ndi mapasipoti m'chikwama cha m'manja. Bilu ikonzeni usiku womwewo, mzere wa m'mawa ndi wautali. Zipatso, nyama ndi mbewu musatsike nazo. Basi kapena ndege yobwerera kuno ikhale ya masana kapena madzulo, chifukwa kutsitsa anthu masauzande kudutsa pa Home Affairs kumatenga nthawi.

Nkhani ya malungo ndaisungira kuno chifukwa imakutsatirani mpaka kunyumba. Mozambique ndi dziko la malungo, ndipo Januwale ndi pachimake. Zoona, udzudzu wa malungo umaluma kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha, pomwe inu pachilumba mukhala masana okha n'kukagona pa sitima, ndiye chiopsezo n'chochepa. Koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu aja timakonda akuti "ife malungo tinakula nawo." Mphamvu yolimbana ndi malungo imene thupi limapeza kumudzi imatha munthu akakhala zaka kumalo kopanda malungo ngati Johannesburg. Inu amene mwakhala kuno nthawi yaitali thupi lanu linaiwala, ndipo mwana wokulira kuno alibiretu. Tengani mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, Tabard kapena Peaceful Sleep, ndipo kudakali masabata angapo pitani ku kiliniki kapena ku famase mukafunse ngati mukufunika mapiritsi oteteza. Akakupatsani doxycycline, dziwani kuti amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo amayenera kumwedwabe masabata 4 mutabwerako.

Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amayamba patapita sabata imodzi kapena kuposa, inu mutabwerera kale kuntchito, mwana ali kusukulu. Wina akatentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi kapena kunjenjemera m'masabata otsatirawo, asagule Panado n'kugona. Madokotala a kuno saona malungo tsiku ndi tsiku, ndipo n'kosavuta kuti anene kuti ndi chimfine. Mukangolowa m'chipinda cha dokotala, mawu oyamba akhale akuti munali ku Mozambique pa tsiku lakutilakuti, ndipo mukufuna kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Akapanda kupeza kanthu koma thupi likutenthabe, mubwererenso mawa lake akayezenso.